Mayi Estele Muhiwa, Loya Amene Ankayamba ndi Kufunsa za Ana

Tsiku limene tinaperekeza mayi Estele Muhiwa mwezi wathawu, ambiri amene anadzaza tchalitchi sanali a parishi yathu. Ena anachokera ku Nkando, ena ku Milonde, anthu amene mayiwa anawathandizapo pa milandu ya m'banja. Anzawo a mphakati wa Anna Woyera andipempha kuti ndilembe pang'ono za moyo wawo.

Mayi Muhiwa anabadwa mu 1958 m'mudzi wina kufupi ndi Milonde. Bambo awo, a Bizwick, anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi pa esiteti, ndipo ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, monga timachitira kuno. Estele akadali kamtsikana, mayi ake anamwalira. Maliro atatha, amalume anasudzula a Bizwick. Panalibe ndewu. Anangowathokoza, n'kuwauza kuti ndi omasuka kubwerera kwawo, koma ana atsala poti ndi a mbumba. Bamboyo anakulunga bulangete, n'kusiya nyumba imene anamanga ndi manja ake. Ankabwera kudzazonda anawo, mpaka nkhondo ya kwawoko inatseka njira. Mayi Muhiwa ankakonda kunena kuti, "Maliro anali amodzi, koma ine ndinataya makolo awiri."

Asisitere a pamishoni ndiwo anawalimbikitsa sukulu. Anayamba ndi uphunzitsi, kenako anakaphunzira za malamulo ku Zomba, n'kugwirako ntchito ku Blantyre. Anakwatiwa ndi a Lenard, telala wa ku Thyolo, amene anadzamanga kwawo kwa mkazi n'kubzala mapeyala kuseri kwa nyumba. A Lenard ankaseka kuti kukwatira loya n'kwabwino, chifukwa mkangano umagonja usanauyambe, ndiye tsiku silikuthera pachabe.

Atabwerera kumudzi, mayiwa anatsegula kaofesi pa Chitakale. Ntchito yawo inali ya kutha kwa maukwati, chisamaliro cha ana, chuma cha masiye ndi kulembera anthu wilo. Munthu akalowa ali wolusa, wayamba kale kuwerenga zolakwa za mnzake, iwo ankamudula mofatsa n'kufunsa kuti ana ali kuti ndipo adya chiyani. Akamva zimenezo ndi pamene ankatenga cholembera. Ankaitanitsa ankhoswe a mbali zonse asanaganize za khoti. "Khoti limagawa malata ndi mbuzi," ankatero, "koma mwana sagawika."

Ntchitoyi inawapweteketsa pakati pathu pomwe. Ena mumpingo ankawatcha wothetsa mabanja, ndipo kwa zaka zingapo amayi ena sankafuna kukhala nawo benchi imodzi. Koma Loweruka mayiwa ankabwerabe ndi tsache lawo kudzasesa m'tchalitchi. Wina atawafunsa pamaso, anangoti anthu amafika kwa iwo nyumba itang'ambika kale, ndipo chawo n'kuona kuti chipupa chisagwere ana.

Ambiri timakumbukira nkhani ya a Mackson a ku Nkando, mkamwini amene akazi ake anamwalira n'kumusiyira ana aang'ono. Alamu ake anafuna kumusudzula, iye anathamangira ku Chitakale kuti akawasumire. Mayi Muhiwa anamuuza kuti mlandu angathe kuwina, koma ana akewo azikatungabe madzi pa mjigo umodzi ndi anthu amene wawagonjetsawo. Ndiye anavala chitenje cha mphakati n'kupita okha kumudziko. Sanayambe ndi amalume. Anakakhala pamphasa ndi azimayi a mbumba, chifukwa ankadziwa kuti kuno nthaka ndi ya akazi, ndipo malume amangonena poyera zimene alongo ake agwirizana kukhitchini. Analankhula nawo m'Chilomwe, napitanso kangapo. A Mackson anakhalabe pamudzipo. Chimene anagwirizanacho mayiwa anachilemba bwino kuti mawa pasadzakhale wotembenuka. Sikuti zonse zinkatha chomwecho. Pamene mwana ankazunzika, mayiwa ankapita kukhoti osazengereza, ndipo kumeneko mawu awo sanali ofewa.

Mwana mmodzi yekhayo wa mayi Muhiwa, Jennifer, anamwalira n'kusiya ana awiri, amene analeredwa ndi agogo awowa. Choncho matenda a mtima atawagoneka chaka chathachi, mayi Muhiwa anadziwa chimene chikubwera. Iwo akapita, mwambo udzauza a Lenard kubwerera ku Thyolo, ndipo adzukuluwo adzataya munthu yekhayo amene wawatsalira m'nyumba.

Anaitanitsa mlongo wawo, a Morris, amene ndi mwinimbumba, pamodzi ndi azimayi a pabanjapo. A Morris anaseka polowa. "Achemwali, mukufuna kutizenga mlandu muli chogona?"

"Wilo ndinalemba, achimwene," anayankha. "Koma pepala silipatsa munthu moni m'mawa. Mukuwakumbukira bambo athu tsiku lija ananyamula bulangete? Inu munawathamangira mpaka kumsewu."

A Morris anatuluka osalonjeza kanthu.

Mayi Muhiwa anamwalira Lachinayi masana, atalandira masakramenti, amayi a mphakati akupemphera kolona pambali pawo. Ena mwa amayiwo anali aja ankawasala pabenchi. A Lenard anali atawagwira dzanja.

Tsiku lometa maliro, abale a ku Thyolo anabwera ndi galimoto yaing'ono yoti anyamulire mashini osokera, poti umo ndi momwe zimakhalira. A Morris ataimirira, tonse tinkadikira mawu aja timawadziwa. Anayang'ana adzukulu awiriwo, amene anakhala mopanikiza agogo awo mbali ndi mbali.

"Alamu," anatero, "mapeyala munabzala aja ndi aatali, ine sindingakwere. Ndiponso ana awa yunifolomu awasokere ndani? Pano ndi panu. Khalani."

Galimoto ija inabwerera yopanda katundu. Mukamadutsa njira ya kumudziko m'mawa, mashini akumvekabe pakhonde, ndipo Lamulungu a Lenard amakhala pa benchi imene akazi awo ankakhala, mdzukulu uku ndi uku.

Ambuye awapatse mayi Estele mpumulo wosatha, ndipo kumeneko akawapeze bambo awo.