Neti ya M'bokosi la Adada

Fungo la guluu wa matabwa limandibwezera ku Kaporo, dzinja limene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ntchito ya kumgodi ku Kayelekera inali itatha, ndipo adada anabwerera kumudzi ndi sipika imodzi yaikulu ngati beseni, yogula kwa Mtanzania wina. Ankati akaipangira bokosi anthu azidzawaitana m'maukwati, sitidzadaliranso mpunga wokha. Amama ankangoti, "Tiona," n'kupitiriza kupeta.

Ankapalira matabwa pakhonde, mvula ikugwa, utuchi wonyowa ukutimata kumapazi. Anaboola bowo la sipika, n'kumata ngodya zonse ndi guluu wosakaniza ndi utuchi kuti mpweya usamathawe. Pansi anaikapo kapaipi kopumira. Koma atalumikiza batire ndi ampulifaya, bokosi lija linangolira ngati ndowa yobooka. Adada anakhala pansi atagwira tsaya. Mnzawo wa kuchigayo anati mkatimo mukufunika chofewa, thonje kapena siponji. Ife tinkagona pamphasa, siponji tikanaitenga kuti?

Ine ndinkadana nayo neti yathu ya udzudzu. Ndinkagonamo ndi mng'ono wanga Lusekelo, kamtsikana ka zaka ziwiri, ndipo inkanditenthetsa n'kundiyabwa kumaso. Tsiku lina amama ali kowokera mpunga, ndinaimasula n'kupita nayo pakhonde. Adada anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amama ako akudziwa?"

Ndinanama kuti inde, akuti yatha kale. Ndikuganiza kuti sanandikhulupirire, koma anali atatopa ndi kulephera. "Sabata imodzi yokha, tigula ina," anatero. Anaidula zidutswa, n'kuzikhomera mkati ndi timisomali.

Apo ndiye bokosi linalankhula. Mawu ake ndinawamvera pachifuwa, nkhuku zinabalalika, ndipo njere za mpunga zimene adada anaika pamwamba pake zinayamba kudumpha zokha. Anaseka mpaka mano onse kuoneka, koyamba chibwerere kumgodi. Ndinadziona ngati ndawombola banja lonse.

Amama atabwera n'kupeza zingwe zokha zikulendewera kudenga, anafunsa kamodzi. Adada anayankha m'Chitumbuka, osandiyang'ana n'komwe: "Ndine nkhatora." Ndiko kuti anaitenga ndi iwowo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sabata inatha, ina n'kuthanso. M'dzinja ndani amachita ukwati, anthu ali m'matope mpaka m'mawondo? Ndipo udzudzu wa m'minda ya mpunga sudziwa kudikira. Ine ndinadwala masiku awiri n'kudzuka. Lusekelo anatentha thupi, n'kuyamba kukomoka, pamene mtsinje unali utasefukira n'kudula msewu. Adada anawoloka naye paphewa kupita kuchipatala tsiku lachitatu, madzi ali m'chifuwa. Anabwerera naye madzulo atamukulunga m'chitenje cha amama.

Ntchito yoyamba ya bokosi lija inali maliro a kwathu komwe. Akuluakulu a mpingo anapempha kuti liziimba nyimbo za kwaya, ndipo adada analinyamula okha n'kuliika pansi pa mtengo wa mango. Anthu ankanong'onezana kuti likumveka mpaka kutsidya. Ndikuchita manyazi kunena, koma nditamva zimenezo ndinanyadira. Kuyambira pamenepo amama anatha chaka akulankhula ndi adada kudzera mwa ine: kawauze adada ako chakudya chapsa, kawauze mbewu yatha.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti adada aiwala amene anabweretsa neti ija, ndipo ndinkakhala chete, mtima uli m'mwamba, kuti asakumbuke. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti sanaiwale. Anali atataya mwana mmodzi, sanafune kuti wotsalayo azionedwa ndi maso amene amama ankawaonera iwo. Anamwalira osaitchula nkhaniyi. Amama akadali moyo, ndipo sindinawauzebe.