Chaka Chimene Mudzi Wonse Unavala Zipewa

Chipewa cha atsibweni chinali chofiirira, cha nsalu yokhuthala, chopindika mbali imodzi pamene ankachigwira pochivula. Anabwera nacho kuchokera ku Chipwitikizi, dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi kutsidya kwa malire, kumene ankadula nzimbe mokakamizidwa mpaka tsiku limene anathawa pa bwato la asodzi. China chilichonse anachisiya komweko. Chinkanunkha thukuta ndi fodya, ndipo ine, kamtsikana kogweluka mano akutsogolo, ndinkachivala mobisa n'kumayenda ngati wakhungu chitandifika pamphuno.

Tinkakhala kwa Tengani, ndipo inali nyengo yokolola thonje, nkhondo ya Azungu itangotha kumene. Kunkatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Amayi anali munthu wa mtima wapachala: mbuzi ikalowa m'mapira, mudzi wonse unkadziwa dzina la mbuziyo ndi la mwini wake. Atsibweni, mlongo wawo wamkulu, anali ofatsa mochititsa manyazi. Amayi ankati Mulungu pogawa mkwiyo anawapatsa iwo wa anthu awiri, achimwene awo atapita kukawedza.

Masiku amenewo munthu wakuda akaona Mzungu ankayenera kuvula chipewa n'kuima mpaka Mzunguyo atadutsa. Tsiku lina tinapita ndi thonje kumsika wa pafupi ndi njanji. Atsibweni anali atanyamula mtanga waukulu ndi manja onse awiri pamene Mzungu wogula thonje anatulukira kuseri kwa sikelo. Chipewa akanachivula ndi chiyani, ndi mano? Mzunguyo sanafunse. Anachimenya ndi ndodo yake, chinagubuduka m'fumbi, ndipo ndodoyo inawang'amba khutu pang'ono. Atsibweni anatula mtanga, anatola chipewa, anachikuntha pabondo, n'kudikira kuti thonje lawo liyezedwe. Magazi ankatsikira m'khosi, iwo akuyang'ana sikelo.

Pobwerera amayi anakalipa njira yonse. "Achimwene, kodi inu ndinu mwala? Akumenyeni pamaso pa ana, inu kuli duu!" Atsibweni anangoyankha mawu amene ndinadzawamva kambirimbiri pambuyo pake: "Ndodo ndi yake, mkono ndi wake. Changa ndi chimene ndichite mawa."

Aphunzitsi a pasukulu yathu ya udzu, mnyamata wa magazi otentha, anabwera madzulo dzuwa lisanalowe. Anati anthu tonse anatilenga ndi Mulungu mmodzi, ndipo wosapsa mtima akamapondedwa akuthandiza womupondayo. Anyamata a m'mudzi ankanong'onezana zotentha nkhokwe ya thonje ya Mzunguyo. Ngakhale ife ana tinkadziwa chimene chikanatsatira. Asilikali akanabwera, ndipo woyamba kumangidwa akanakhala atsibweni, n'kuwabweza ku Chipwitikizi kumene othawa ankawamenya m'manja mpaka zikhatho kuphulika. Amayi atamva zimenezi anasiya kukalipa, mantha atawagwira.

"Aphunzitsi, mlandu wanu ndi woona," anatero atsibweni. "Koma moto nkhabe, ayi ndithu. Mzunguyu akufuna ulemu, tiyeni timupatse wambiri. Mundibwereke ana anu asukulu, ndipo tikadule mlaza."

Apa m'pamene panayambira masiku okoma kuposa onse a ubwana wanga. Masamu tinawaiwala. M'mawa tinkapita kutchire kukadula masamba a mlaza, kuwang'amba timizere n'kuwayanika padzuwa. Fungo lake ndimalimvabe, ngati la udzu watsopano wofolera nyumba. Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa masawu, atsibweni akutiphunzitsa kuluka, ife tikutafuna masawu owawasa mpaka mano kuyayamira. Zala zinachekekachekeka koma palibe anadandaula. Zipewa zathu zoyamba zinali zomvetsa chisoni. Changa chinatuluka ngati chisa cha mpheta, cha mnzanga wina mbuzi inachidya chisanathe, ndipo amayi, amene ankati zimenezi n'zamasewera, analuka chawo chachikulu ngati lichero.

Chipewa chilichonse atsibweni ankachiika luzi lomangira kuchibwano, ndipo anatiphunzitsa mfundo yovuta kumasula. Ankati n'chifukwa cha mphepo, chonsecho chilimwe chimenecho tsamba silinkagwedera n'komwe. Kenako tinkayeserera pabwalo. Aphunzitsi ankadzipaka phulusa kumaso, kutenga ndodo n'kumayenda atatukula chifuwa, ife n'kumatula katundu, kumasula mfundo, kuvula chipewa, kuima chilili. Wofulumira ankabwezedwa kuti ayambirenso. Nkhalamba zinkaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo aphunzitsi eniakewo, ndi mkwiyo wawo wonse, ankalephera kudzigwira.

Tsiku la msika linafika, lomwenso sitima inkadzatenga thonje. Tinanyamuka mudzi wonse, amuna, akazi ndi ana, aliyense chipewa kumutu, mtanga pamwamba pake kapena paphewa. Zipewa zotsala tinagawira anyamata amene ankakweza mabelo a thonje m'mabogi a sitima, ndipo ndi dzuwa lija palibe anakana.

Mzungu uja atangotulukira, msika wonse unaima. Mitanga pansi. Zala kuchibwano, kulimbana ndi mfundo, pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu. Zipewa m'manja, maso pansi. Poyamba zinamukomera, anadutsa akugwedeza ndodo. Koma ntchito yake inali yoyendayenda, kuchoka pasikelo kupita kumabogi n'kubwereranso, ndipo akangosuntha, ife tinkayambiranso. Munthu amene anali pasikelo ankasiya thonje lili lendelende. Onyamula mabelo ankawatula pakati pa njira. Amayi ankawonjezapo kugwada ndi kuomba m'manja, nkhope ili ngati ya pamaliro, ine ndikudziluma tsaya kuti ndisaseke. Kapitawo wa Mzunguyo anakuwa kuti tifulumire, atsibweni n'kumufunsa mofatsa ngati akutilamula kuti tisalemekeze bwana. Kapitawo uja anavula chakenso.

Dzuwa linafika paliwombo mabogi akadali opanda kanthu. Sitima inalira, inaliranso. Mzunguyo anafiira ngati phwetekere, thukuta likuchucha pandevu. Anaponya ndodo pansi n'kukuwa m'Chinyanja chake chothyokathyoka: "Vala! Vala chipewa onse! Osachotsa!"

Atsibweni anavala chawo chija, anachikonza bwinobwino, anamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Takhuta," ndiye kuti zikomo m'kalankhulidwe ka kwathu. Ndipo anayezetsa thonje lawo chili kumutu.

Ndakalamba tsopano, ndipo ndinaona zaka zimene dziko lino linkamenyera ufulu. Ndinaona anthu aukali akutsegula zitseko zimene ofatsa anagogoda mpaka kutopa, kotero sindinganene kuti aphunzitsi ankalakwa. Lamulo la zipewa silinathe tsiku limenelo, ndipo mtengo wa thonje ankatchula ndi Mzunguyo basi. Komabe palibe nyumba inapsa, palibe anamangidwa, ndipo sindinaonenso anthu akwathu akuyenda mowongoka ngati masana amenewo. Tinabwerera tikuimba, amayi ali patsogolo, akuvina ndi lichero lawo kumutu.

Titayandikira mudzi atsibweni anapatuka okha kulowera kumtsinje. Ndinawatsatira chapatali, ndikufuna andiyamikire kuti sindinaseke. Ndinawapeza ataima m'madzi a Shire ofika m'chiuno, kuseri kwa bango, nkhafi ili m'manja. Ankamenya madzi ndi mphamvu zawo zonse, kumenya, kumenyanso, osatulutsa mawu, mitsempha ya m'khosi itatupa. Nkhafi inathyoka, anapitiriza ndi chidutswa chake. Nkhope imeneyo sindinaidziwe, koma ndinali nditaonapo asodzi akumenya madzi pothamangitsira nsomba mu ukonde, ndiye ndinasangalala.

Ndinathamangira kunyumba ndikukuwa kuti amayi atenge dengu msanga, atsibweni akupha nsomba zambiri. Amayi anandifunsa chimene ndaona, ndinawauza. Anakhala pansi pakhonde, anandikokera pamiyendo pawo n'kundigwira zolimba, ndipo munthu amene mawu ake ankamveka tsidya lina la mtsinje analankhula monong'ona.

"Asiye atsibweni ako. Usapitekonso."

Atsibweni anabwera dzuwa litapendeka, atanyowa thupi lonse, chimanjamanja, natipatsa moni mofatsa monga mwa masiku onse. Ine ndinawakwiyira mpaka mawa lake, chifukwa cha nsomba zimene anazilola kuthawa.