Mawu Ochedwa Panjira

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa mapaipi ndi chitseko, pamakhala telala amene msewu wonse umawatcha a Sindinamalize. Dzinali anadzipezera okha. Kasitomala akati afotokoze za kolala, iwo amakweza sizasi m'mwamba n'kunena kuti, "Sindinamalize." Asoka pakhondepo zaka makumi atatu, ndipo msoko wawo umawongoka ngati wajambulidwa ndi rula. Koma munthu amene analankhulapo nawo mpaka kumaliza zimene amafuna kunena, mungamufune tsiku lonse osamupeza.

Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi. Mayi ake atamwalira, mtsikanayo anapeza ntchito yosamalira nkhalamba kudziko lakutali. Tsiku lodzawauza, anagwada pafupi ndi makina n'kuyamba kuti, "Bambo, ndimati..." Anathera pomwepo. Atelala analankhula okha ola lathunthu, n'kutsekera ndi mawu akuti akangotuluka pakhomopo asadzapondeponso. Anatulukadi. Zaka zinayi zinadutsa, bambo ndi mwana osamvana ngakhale chifuwa.

Chaka chino maso awo anayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti matendawo sabwerera m'mbuyo, ndipo miyezi yoti aziona yatsala yowerengeka. Sanauze munthu. Koma tsidya lina la msewu kuli kanyumba kamalata komwe mlamu wawo, mng'ono wa malemu akazi awo, amagulitsa mayunitsi ndi makhadi a foni, ndipo mayi ameneyo samuphonya kanthu.

"Alamu, singano ili kumanzere, inu ulusi mukubaya nawo mphepo," anatero tsiku lina atawapeza akulimbana ndi makina.

"Kagulitseni mayunitsi anu, mayi."

"Muimbireni mwana, abwere mudzamuone maso asanatseke."

"Kuimba kunja n'kwa mabwana. Moni yekha, buluku lathunthu lapita."

Mlamuyo anawapatsa khadi. Anati si kuimba mwachindunji ayi, pali kampani ina ya pakati imene imakunyamulira mawu motchipa. Umayamba waimba nambala ya kampaniyo, mawu a mzimayi ojambulidwa amakuuza kuti ulowetse nambala yachinsinsi imene wakala pakhadi, kenako ndi pomwe umatchaya ya munthu wako. Manambala onse pamodzi anali ataliatali ngati tepi yoyezera. Atelala anawalemba ndi choko pakatoni, zilembo zikuluzikulu, n'kupachika pamsomali pambali pa makina.

Anaimba Loweruka masana, tsiku limene mwanayo amapuma. Italira kachitatu anamva mawu ake.

"Uli bwanji, mwanawe?"

Zii.

Mtima unawawawa. "Kodi bambo ako ukuwayankha ndi..."

"Ndili bwino bambo, kaya inu..."

"Sindinamalize."

Mwanayo anakhala chete. Iwonso anakhala chete. Kenako onse awiri anayamba pamodzi, mawu n'kuwombana ngati mbuzi pamlatho wopapatiza. Masabata atatu zinayenda choncho. Akafunsa, kunali zii. Akayamba kulankhula, mwana uja ndiye kulowerera pakati. Loweruka lachinayi analimba mtima n'kufunsa chimene ankaimbira nthawi yonseyi: "Ubwera liti kuno?" Anamvetsera, osamva kanthu, ndipo chala chinapita chokha pabatani lofiira.

Anawoloka msewu n'kuponya khadi pawindo la mlamu wawo.

"Tengani chinthu chanuchi. Mwana uja kunja kwamudyetsa mwano. Ndikafunsa sayankha, ndikalankhula amandipondereza."

"Ndiye mwafanana, magazi sanama," anatero mlamuyo, koma sanaseke monga amachitira. "Wandilembera uthenga pompano. Akuti ngati mumamuimbira kuti muzimudula mawu ndi kumudulira foni, Loweruka likubwerali ayankha komaliza. Bwererani pamakina panu, foni ikhale kukhutu."

Anabwerera akung'ung'udza, n'kukhala pampando, phazi pachopondera mwachizolowezi. Foni inalira. Anali mlamu uja, waimba kudzera pakhadi lomwelo, ngakhale anali pamtunda woti akanangokuwa. Mayiyo anatenga ndodo n'kumenya lata la kanyumba kake. Khutu lopanda foni linamva pompo: gwa. Phazi linaponda kamodzi, kawiri, katatu. Ndiyeno m'foni munamveka kachiwiri: gwa.

Atelala anayang'ana foniyo ngati yawatukwana.

"Mwamva, alamu?" anakuwa mayiyo, osadzeranso pafoni. "Yotchipa siyenda njira yowongoka. Imazungulira maiko a eni ake ngati minibasi yotola anthu m'makwalala. Mwana akamayankha, mawu ake amakhala akadali panjira, inu mwakwiya kale."

Atelala anali akuyeza, pakuti kuyeza ndiyo ntchito yawo. Katatu kuti mawu awo afike, katatu kuti a mwana abwere. Kuponda kasanu ndi kamodzi. Nthawi yochepa chonchi ndi imene sanathe kuipirira. Anakumbukira funso lawo lija. Mwina pamene ankadina batani lofiira, yankho linali litanyamuka kale, n'kufika pakhomo potseka. Tsiku limenelo anasoka thumba la buluku la kasitomala chadodolido, chinthu chimene sichinawachitikirepo.

Sabata imeneyo inawatalikira. Nkhope za makasitomala zinkaoneka ngati zili kuseri kwa nsalu yopyapyala. Ankayesera kudikira pa anthu wamba. Mayi wina anabwera ndi diresi lofuna zipi, iwo n'kumusiya afotokoze mpaka kumapeto, milomo ikunjenjemera. Mayiyo anawafunsa ngati akudwala.

Loweruka anachotsa singano ndi ulusi kuti makina azizungulira opanda kanthu. Anatsitsa katoni, n'kuiyandikiza kumphuno, n'kudina manambala amodziamodzi. Analakwitsa kawiri, mzimayi wa kampani uja n'kuwabweza poyambira. Kachitatu inalowa.

"Mwanawe, ndine. Foni iyi imachedwetsa mawu, ine sindinkadziwa. Ndiye ndilankhula, ndikatha ndikuuza." Anaika phazi pachopondera. "Maso anga akutha. Adokotala akuti yatsala miyezi. Mawu aja ndinanena tsiku lija, ndawabweza. Pakhomo paja m'pako. Ndikufuna ndikuone ndikadaona." Anapuma. "Ndamaliza."

Mawu otsirizawo anawalemera m'kamwa ngati a chinenero chachilendo. Anayamba kuponda. Kamodzi, kawiri, katatu. Lamba wa makina ankangolira yekha. Kanayi, kasanu, kasanu ndi kamodzi. Zii.

Kasanu ndi kawiri. Kasanu ndi katatu. Apa anadziwa kuti kuchedwa kwa foni kwatha, chete ameneyu ndi wa mwana wawo. Chala chinali chitafika kale pabatani lofiira. Anachichotsa, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo, phazi likupondabe. Anasiya kuwerenga.

"Bambo." Mawuwo anali onyowa. "Kubwera chaka chino sindingalonjeze. Pangano la ntchito likutha chaka chamawa, ndikachoka pano sadzandilandiranso."

Chaka chamawa. Anayang'ana msewu, magalimoto akudutsa ngati zithunzithunzi. M'kamwa munadzaza mawu, ambirimbiri, ena aukali, ena opempha. Analuma mlomo. Mzimayi wa kampani analowerera n'kunena kuti yatsala mphindi imodzi.

"Mukundimva, bambo? Ndiyesa kupempha tchuthi, kaya andipatsa. Koma pali chimene ndakhala nacho zaka zinayi. Tsiku lija nditagwada pamakina, ndimati ndikuuzeni kuti..."

Foni inaduka. Khadi linali litatha.

Anakhala pampando kanthawi, foni ili kukhutu, ngati kuti mawu otsalawo akadali panjira ndipo afika. Sanafike. Anadzuka, n'kupapasa ndodo yoyezera nsalu pakhoma kuti ikhale mchirikizo, n'kuima m'mphepete mwa msewu kumvetsera magalimoto. Atawoloka anagogoda palata la kanyumba kaja.

"Bwanji, alamu, mwadulanso?"

"Ayi, mlamu. Ndipatseni khadi lina, mundikalirenso ndinu. Fulumirani. Mwana sanamalize."