Tsiku Limene Ananditcha Namapopa Patsinde pa Nsanja ya Netiweki

Ndikudziwa kuti ena munena kuti ndikukokomeza, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mkazi wanga amene anachapa malaya anga amagazi tsikulo alipo, mukhoza kumufunsa.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ganyu ku kampani ina yosamalira nsanja za netiweki ya mafoni. Sindinali injiniya ayi. Yanga inali yopita kumene makina avuta, kulumikiza laputopu, n'kukopera malogi, zomwe ndi zolemba zimene makinawo amasunga okha za chilichonse chowachitikira, kenako n'kutumiza kwa akatswiri ku Lilongwe kuti aone pomwe pali matenda. Ndiye nsanja ina ya pakati pa Golomoti ndi Mtakataka inazima masiku anayi, ndipo anatuma ine. Galimoto ya kampani inali kwina, choncho ndinakwera minibasi n'kutsirizira pa kabaza, chikwama kumsana, wopanda yunifomu. Mphekesera za anamapopa ndinali nditazimva ndithu, koma kodi alipo amene amaganiza kuti zoterezi zingamugwere iye?

Mlonda sindinamupeze, ndinamva pambuyo pake kuti anali kumaliro. Makiyi ndinali nawo, motero ndinalowa mumpanda wa waya, n'kudzitsekera monga mwa lamulo, n'kutsegula kabati yachitsulo, n'kulumikiza chingwe changa ku rauta, kamakina koyendetsa netiweki, ndipo mwatsoka chingwecho chinali chofiira. Ndinaimbira mayi wina wa ku ofesi, katswiri amene ankanditsogolera, pa simu ya kampani ina yomwe inkagwira mwa apo ndi apo. Atandifunsa ngati malogi akubwera, ine ndi pakamwa pangapa ndinayankha mwanthabwala kuti ndikupopa bwinobwino, yatsala pang'ono kudzaza. Sindinadziwe kuti kuseri kwa mpanda kunali mayi wotola nkhuni.

Ndinangomva mfuu, kenako mapazi. Abale anga, sindinaonepo anthu akusonkhana msanga choncho, ena ndi makasu, ena ndi zikwanje, onse atazungulira mpanda, ine m'kati ngati nkhuku yodikira mpeni. Ndinawapatsa moni mwaulemu n'kuwauza kuti ndabwera kudzakonza netiweki, koma bambo wina wamtali anafunsa kuti ngati ndine wa kampani, galimoto ili kuti, nanga bwanji ndabwera mlonda kulibe. Ndinaonetsa chitupa changa, iwo akuti anamapopa nawonso amayenda ndi zitupa. Ndinatembenuza laputopu kuti aone okha, osadziwa kuti ndikudzikumbira dzenje, chifukwa pa sikirini panali kamzere kakudzaza pang'onopang'ono, ndipo wina anakuwa kuti ndi umenewo muyeso wa magazi awo.

Miyala inayamba kugwa. Umodzi unanditema pamwamba pa diso. Kenako ndinaona wamtali uja akukhetsa petulo wa njinga yamoto m'kachigubu n'kuyamba kuwaza pa udzu wouma wa m'mbali mwa mpanda, ndipo unali mwezi wa Okutobala, mukudziwa nokha mmene kumaumira kumeneko. Kuthawa kunalibe, kukwera nsanja n'kungochedwetsa imfa.

Mayi a ku ofesi aja anali akumva zonse. Anati apolisi awaimbira koma ali kutali, ndiye ndisadule foni, nditumize malogiwo pompo. Ndinawauza ndikulira kuti mayi, ine ndikufa kuno, inu mukuti malogi? Iwo anangobwereza kuti nditumize. Ndinatumiza. Patapita kanthawi komwe kwa ine kanali ngati chaka, anati vuto aliona, silinali la chipangizo chopsa koma kuti makinawo anasokoneza okha malangizo ake magetsi atathima, ndipo anayamba kunditchulira zoti ndilembe, chilembo chimodzichimodzi. Ndinalakwitsa kawiri chifukwa magazi ankalowa m'diso. Kachitatu makina anazima onse, timagetsi tonse thii, anthu n'kukuwa kuti ndikubisa umboni. Mayi a ku ofesi aja anati tidikire kuti makinawo ayakenso okha, palibenso china choti tichite. Ndinangokhala pansi n'kutchula maina a ana anga. Wamtali uja anali akufunsa amene ali ndi machesi.

Kenako foni ina inalira m'thumba la munthu. Inanso, inanso, mauthenga a masiku anayi akulowa nthawi imodzi, khamu lonse likungolira mafoni. Bambo wina wachikulire wogulitsa usipa, atavala kofiya, anayankha yake, n'kukweza dzanja akulumbira kuti wallahi uyu ndi wa netiweki, akulankhula ndi mwana wake wa ku Joni pano. Anaima pa geti n'kuuza wamtali uja kuti akafuna kunditentha ayambe watentha iwowo. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, maso pa foni, wopanda ndi mmodzi yemwe wonena pepani. Wina anachita kubwerera kudzandifunsa ngati ndingamuonere foni yake yosalowa chaji. Bambo a usipa aja anandimanga nsalu kumutu n'kundikweza pa njinga yawo mpaka ku msewu wa tala.

Ntchitoyo ndinaisiya mwezi womwewo. Lero ndimakhulupirira kuti si nzeru zanga zimene zinandipulumutsa, chifukwa likanakhala vuto la chipangizo chopsa, bwenzi ndili phulusa. Ndimakhulupiriranso kuti anthu aja sanali zilombo, anali anthu ngati inu ndi ine, kungoti mantha anali atawadya mutu. Ndiye inu oyenda m'midzi ndi zingwe ndi makina, musalowe malo eni dera asanakudziweni. Ndipo inu amene mudzamve mfuu n'kuthamanga ndi mwala m'manja, dziwani kuti wogwada pakati pa khamuyo akhoza kukhala kuti akunena zoona.