Mpasa Wosatumbula

Tinanyamuka pa boma la Kota Kota Lachitatu mamawa, ine ndi mlamu wanga Saidi. Iye ankaphunzira za zomera ndi nyama ku koleji ya ku Uganda. Aphunzitsi ake anamuuza kuti abwerere ndi mpasa wathunthu, wamazira m'mimba, apo ayi abwereza chaka. Sitima ya pamadzi inkachoka Lachisanu.

Lole ya mmwenye inatitenga pa sheleni imodzi aliyense. Chitini cha mankhwala osungira nsomba anachilipiritsa tiki. Dalaivala anachinunkhiza nati, "Mowa wa azungu uwu?" Ndinati alawe.

Titawoloka mtsinje wa Kaombe, lole inatitimira m'matope. Tinakankha. Saidi anakankha pang'ono, kenako ndinamupeza m'dambo akuyang'ana duwa ndi kagalasi. Ndinabwerera kukakankha.

Masana tinafika ku Bua. Tinadya chinangwa chootcha kwa msodzi wina, a Bwanali. Saidi anawafotokozera za mpasa womwe ankaufuna nthawi yaitali, Chingerezi chambiri. Iwo anavomera zonse. Anapita kukavuula mono, nabwera ndi mpasa wamkulu, wotumbula, wopala mamba, wotsuka bwino.

"Mazira ali kuti, bambo?" anafunsa Saidi.

"Ali pamoto."

"Nanga matumbo?"

"Adya abakha. Mlendo wophunzira ngati inu ndingakupatseni nsomba yamatumbo? Ndine wamwano ine?"

Saidi anangokhala pansi.

Lachinayi mamawa ndinamusiya kumtunda, ndinalowa m'bwato ndi a Bwanali. Ndinabwereka mpeni wawo, ndinati ndiwenge zikhadabo. Ndinaukhalira. Mu mono munali nsomba zitatu. Ndinasankha yotupa mimba, n'kuikumbatira.

"Achimwene, mpeni uja," anatero a Bwanali.

"Kulibe."

"Anthu andiseka padoko!"

"Inu akusekani lero lokha. Mlamu wanga uja akalephera amuseka chaka chonse."

Padoko anasekadi. Mayi wina anakuwa kuti a Bwanali akalamba, aiwala ntchito. Nsomba inalowa m'chitini yathunthu. Saidi anachotsa mamba angapo, nationetsa pakagalasi timizere tozungulira. Anati timeneto ndi zaka za nsombayo. A Bwanali anayang'ana kawiri, nati, "Mashallah." Apo ndinawabwezera mpeni.

Lole sinabwere. Tinabwerera wapansi, chitini pamtengo, wina kutsogolo wina kumbuyo. Lachisanu chitinicho chinakwera sitima pamodzi ndi mwini wake.

Ndadya mpasa moyo wanga wonse osadziwa kuti zaka zake zili pamamba. Mlamu nayenso anaphunzirapo chake. Ku Bua ukafuna nsomba yathunthu usachulutse zofotokoza. Khalira mpeni.