Mbale pa Chifuwa cha a Tembo

Tinanyamuka ku Mtenguleni udzu ukadali ndi mame, ine ndi amuna anga a Tembo, ulendo wa kuchipatala ku Chipata. Iwo patsogolo, ine pambuyo, kwinaku ndikumva kaphokoso: ngwe, ngwe. Inali mbale yanga yachitsulo, ataimangirira ndi kansalu pachifuwa mkati mwa malaya.

Paja chaka chatha madokotala ku Lusaka anawaika kamakina pansi pa khungu, kothandiza mtima kugunda. Ndiye wina kumowa anawauza kuti akuba a masiku ano amatha kukazimitsa ndi foni. Chimvereni zimenezo, kutchalitchi analeka, kumaliro analeka, ndipo ananenetsa kuti ku mwambo wa Ncwala sakavina, poti kumeneko mafoni amachuluka ngati ngumbi. Munthutu woti gule wa ingoma sanamuphonyepo chiyambire unyamata wake.

Pamsewu tinakwera minibasi, makwacha makumi asanu munthu mmodzi. Kondakitala powakankha kuti asendere, mbale inalira.

"Asikulu, mwasamuka ndi khitchini yomwe?"

"Iwe tolera ndalama, za pachifuwa panga uzisiye."

Mtsikana wina pambali pawo anatulutsa foni. A Tembo anagwira mbale ija ndi manja awiri, maso pawindo.

Msewu umenewu kale tinkauyenda panjinga, ine pakaliyala, thumba la mtedza pamiyendo, iwo akupalasa uku akuimba likhweru mpaka mapiri a Chipata aonekere. Mtengo wamasuku umene tinkapumirapo ndinaufunafuna ndi maso. Pali kagolosale tsopano.

Tinatsika dzuwa litakwera. Ndinagula zitumbuwa zotentha, iwo anakana, ati wogulitsayo wapachika foni m'khosi. Anyamata a njinga anatiitanira, ife tinangoyenda pansi.

Dokotala anali mayi wa msinkhu wa mwana wathu wachisamba. Ataona mbale sanaseke, Mulungu amudalitse. Anamvetsera nkhani yonse, nkuyika kachipangizo pachifuwa pawo.

"Atate, kamakina kanuka nkamakono. Kakamayankhula ndi makina athu, mawu ake amakhala osokonezedwa dala, womvetsera panjira sangatolepo kanthu. Kiyi womasulira ali m'makina athu, ndipo lamulo lobwera popanda kiyi ameneyu sikalimvera. Muzingobwera tikakuitanani, tiziona ngati loko akufunika kulimbitsa. Foni musamaiike m'thumba la pachifuwa, basi."

"Nanga wakubayo akakaitana mokoma?" anafunsa a Tembo.

Apa ndinalowererapo.

"A Tembo, kuseri kwa nkhokwe ya atate anga, ndi anyamata angati ankaimba likhweru?"

"Anali ambiri, amake Eneless. Ngati achule."

"Ine ndinkatulukira angati?"

"Mmodzi," anatero. Kenako anapisa dzanja m'malaya namasula mfundo ya kansalu kaja.

Pobwerera mbale inanyamula nthochi. Mu minibasi foni ya mnyamata wina inalira pakhutu pawo penipeni, iwo anangomuuza kuti, "Yankha, mwina ndi apongozi."

Tinatsika dzuwa litapendeka. Ine ulendowu unandiphunzitsa kuti nzeru zatsopanozi si zachilendo kwenikweni: khomo limatsekukira amene likumudziwa. Tili pakanjira kolowera kumudzi, ndinamva likhweru lija patsogolo panga, loperewera mpweya koma lomwe lija. Ndinafulumiza phazi ngati mtsikana.

"Amake Eneless," anatero osacheuka, "chishango changa chovinira ingoma chija munachiika kuti?"