Ndodo Yowedzera ya Dzanja Limodzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ababa anafa dzanja lamanja. Sitiroko inawagwira ali pagombe kwathu ku Chipoka, akusoka ukonde. Atatuluka m'chipatala miyendo inayambanso kuyenda, pakamwa panawongoka, koma dzanja lija linangoti lende, osamva ngakhale kutsina. Munthu amene anapalasa bwato kuyambira ali mnyamata anayamba kuswera pakhonde, atafulatira nyanja. Anzawo akabwera kudzawatenga ankangoti, "Tsogolani, ndikupezani." Sankawapeza. Ngakhale kumzikiti tsiku la Ijumaa anasiya kupita, poopa maso a anthu. Ine zinkandiwawa koopsa, chifukwa ababa amene ndinkawadziwa anali munthu waphokoso, woti akaseka anthu a nyumba yachitatu ankamva.

Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ndiye zonse zimene akanaphunzitsa mwana wamwamuna anazithira mwa ine. Ali mnyamata ankaperekeza alendo okawedza ku Senga Bay, ndipo n'kumene anadziwira ndodo zowedzera zakunja, zija zolumikiza, zokhala ndi mphete zodutsamo chingwe. Yawoyawo sanakhalepo nayo, koma anthu ankawabweretsera zothyoka kuti awakonzere, ndipo nthawi zonse ankandiitana n'kundionetsa poyang'ana. Moti pa msinkhu umenewo ndinkadziwa kale kusiyanitsa ndodo yeniyeni ndi yongonyezimira. Ndipo sindinkabisa kuti ndimadziwa.

Amene anaganiza zowagulira ndodo anali azakhali, mlongo wawo wamkulu, mayi wogulitsa usipa wouma yemwe pakamwa pake panalibe chotsekera. Anamva kuti pamsika wa pa Salima pali mkulu wina wa kaunjika amene walandira ndodo zakale pamodzi ndi nsapato ndi zikwama.

"Asiyatu, kavale tizipita," anatero m'mawa wina. "Bwato bambo ako sangakwerenso, koma pamiyala ya kudoko angathe kukhala. Kusankha ukasankha ndiwe, kulipira ndikalipira ine. Tikalakwitsa apa, munthu uja afera pakhonde."

Ndinazula kathonje m'pilo n'kuika m'thumba, tinakakwera minibasi.

Ndodozo tinazipeza zitamangidwa pamodzi ndi mphira, zili zisanu, zitatsamira mulu wa nsapato. Wogulitsayo ataona kuti womasula ndine, anaseka. "Mwana wamkazi ndi mbedza zikugwirizana pati? Tayesa nsapato izi." Ndinayala ndodo zonse pansi.

Yoyamba, imene iye ankaitama kwambiri, inali yonyezimira, yolowetsana ngati eriyo ya wailesi. Nditaikoka inalira mchenga m'kati, ndipo chigawo chimodzi chinkangobwerera chokha. Ndinaiika pambali. Yachiwiri inali ya nsungwi zakunja zomatamata, ya mbali zisanu ndi imodzi, polumikizira pake pali mkuwa. Kukongola kwake, eee! Koma nditaiyang'ana kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga, kwinaku ndikuitembenuza pang'onopang'ono monga ankachitira ababa, ndinaona kuti yakhota, ndipo madzi anali atalowa n'kuyamba kumatula nsungwi zija. Imeneyo inali yongopachika pakhoma. Yachitatu inali yakuda, yopepuka kwambiri. Ndinaigogoda ndi chikhadabo kutsika nayo, ndipo chapakati kulira kwake kunasintha. Panali mng'alu waung'ono ngati tsitsi. Kampango mmodzi yekha akanaithyola.

Zinatsala ziwiri, zonse za faiba yakale ija yosatha msanga. Ina inali yaikulu, yofiirira, ya zigawo zitatu. Ndinadutsitsa kathonje kanga m'mphete iliyonse, pakuti mphete yong'aluka imakola thonje, ndipo yokola thonjeyo ndiyo imadula chingwe nsomba ikakoka. Palibe imene inakola. Nditailumikiza n'kuigwedeza, polumikizira sipanagogode. Nditatsamiritsa nsonga pamtengo wa shedi, inapindika bwinobwino ngati uta n'kubwerera. Inayo inali yaifupi, yowonda, yobiriwira mofwifwa. Chigwiriro chake chinali chitadyedwa ndi mbewa, ndipo mphete imodzi inagwira thonje langa n'kulisadzula.

"Ndodo ndi iyi," ndinatero ndikukweza yofiirira ija, mtima uli m'malo. Wogulitsa uja anali atasiya kuseka.

"Wamaliza?" anafunsa azakhali.

"Ndamaliza."

"Tabwera kuno."

Anavula mpango kumutu kwawo, n'kundigwira dzanja lamanja, n'kulimangirira m'chiuno mwanga chakumbuyo. Anthu apafupi anayamba kutembenuka.

"Inyamule ndi lamanzere, uitambasule ngati uli pamadzi. Usatsitse mpaka ndikagule tomato ndibwere."

Manyazi anandigwira, koma ndinainyamula. Abale, azakhali asanafike n'komwe kwa ogulitsa tomato, pamkono panga panayamba kuyaka moto. Nsonga inayamba kutsika. Ndinaluma mano, ndinatsamiritsa chigwiriro pamimba, koma ayi ndithu. Pamene ankabwerera, nsonga inali ili m'fumbi ndipo anyamata a nsapato anali kugubuduka ndi phwete.

"Iwe ndiwe mtsikana wamphamvu, wosenza ndowa tsiku lililonse," anatero azakhali. "Nanga munthu wodwala uja? Tatenga yobiriwirayo."

Ndinaitenga. Inali yopepuka, ndipo chigwiriro chake chodyedwacho chinali chachitali, chofika m'chigongono, moti chinagona pansi pa mkono wanga n'kundithandiza kunyamula. Ndikanatha kuimirira nayo mpaka madzulo. Komabe mtima wanga sunafune.

"Azakhali, mphete yake ndi yong'aluka."

"Mphete tikasintha. Dzanja la bambo ako tikalisintha kuti?"

Wogulitsa anayesa kutiwonjezera wilo yopotera chingwe. Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munthu wa dzanja limodzi akapota ndi mano?" Tinangotenga ndodo yokha.

Titafika kunyumba ababa anaiyang'ana ili m'manja mwanga, osailandira.

"Mwandigulira ya ana? Panalibe ina?"

Ine kunama kwa ababa sindinkatha. Ndinawauza kuti panali ina yofiirira, ya zigawo zitatu, yopanda chilema chilichonse.

"Ndiye unaisiyiranji?"

Anayankha ndi azakhali, mosazungulira. "Achimwene, ija inali ya manja awiri."

Amayi anazyolika. Chigwerereni matendawo, palibe amene anali atanenapo mawu ngati amenewo pamaso pa ababa. Tonse tinkangoti dzanja lichira, Insha Allah lichira. Ababa anadzuka n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo ndinalira, ndipo azakhali ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse.

Ndodo ija inakhala kuseri kwa chitseko masiku angapo, osakhudzidwa. Kenako ndinaitulutsa. Chigwiriro ndinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mphete yong'aluka ndinaichotsa, ndipo ndinapeza ina pa zidutswa zakale zimene ababa ankasunga m'chitini. Ndinakakhala pakhonde pomwepo, pafupi ndi mpando wawo, n'kuyamba kumanga mpheteyo ndi uzi. Ndinkamanga mokhotakhota, dala, chifukwa ababa anga ndinkawadziwa. Anapirira pang'ono, akuyang'ana kumbali. Kenako zinawakanika.

"Iwe, ndinakuphunzitsa choncho ine? Uzi uzigona pafupipafupi. Bweretsa kuno, ndikugwirire."

Anaigwira ndi dzanja lamanzere, ine ndikuzunguliza uzi. Titamaliza ndinapaka kyuteksi wa m'zikhadabo wa achemwali anga pamwamba kuti madzi asalowe. Koma ababa sanaibweze. Anaigoneka pansi pa mkono, n'kuikweza, n'kuitsitsa, n'kuigwedeza pang'ono. M'mawa mwake anandidzutsa ndi mawu awiri okha: "Kakumbe nyongolotsi."

Tinapita kumiyala ya kudoko dzuwa lisanatenthe. Chingwe tinachidutsitsa m'mphete n'kuchimangirira kuchigwiriro. Nyambo ndinkaika ndine, kuponya ankaponya okha. Ulendo woyamba mbedza inakola mwala, wachiwiri inagwera pafupi ndi mapazi awo, ndipo anatukwana pang'ono. Koma mkono unazolowera. Tinayamba ndi timbaba ting'onoting'ono, kenako chingwe chinakokedwa mwamphamvu, ndodo yonse n'kuwerama. Ndinalumpha kuti ndiwathandize.

"Usakhudze!" anakuwa.

Analimbana nayo okha, chigwiriro chitakanirira m'chigongono, thukuta lili kamukamu, mpaka mlamba waukulu unafika pamwala. Ine ndinangouponda pamutu. Ndipo ababa anaseka, kuseka kwenikweni, koti azimayi ochapa chapatali anatembenuka.

Pobwerera sanadzere njira yakuseri. Anadutsa pakati penipeni pa anzawo osoka maukonde, ndodo ili paphewa, akupereka salamu kwa aliyense. Anawedza nayo zaka zambiri, pafupifupi m'mawa uliwonse, ndipo mpaka tsiku lomwalira ankadandaulabe kuti inali yaifupi.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndimaimabe pa mawu anga: mwa ndodo zisanu zija, yofiirira ndiyo inali yabwino koposa, ndipo mayeso anga onse anali olondola. Chimene ndinadzazindikira nditakula n'chakuti pamsika paja ine ndinkasankhira ababa akale, a manja awiri, amene mtima wanga unkakana kuwataya. Azakhali okha ndi amene analimba mtima kugulira ababa amene tinali nawo pakhonde. Ndipo ababa amenewo ndi amene anadzuka n'kubwerera kunyanja.